Kodi Tikuwauza Chiyani a Folomu 4?

Chisanu cha June ndi July chikafika ku Mzuzu, mayeso a MSCE amakhala ali pakhomo. Ophunzira a ku Katoto, Luwinga ndi Chibavi amadzuka mbandakucha kuti awerenge, komabe ena amalowa m'chipinda cha mayeso atagonja kale mumtima. "Masamu ine sindingakhoze," amatero.

Pa Numeri 13 ndi 14, Mose anatuma azondi 12 ku Kanani. Onse anaona dziko limodzi. Khumi anabwerako akungokamba za zimphona, ndipo anthu analira usiku wonse. Kalebe ndi Yoswa anaonanso zimphonazo, koma anakumbutsa anthu kuti Mulungu ali nawo. Mantha amapatsirana, kulimba mtima nakonso chimodzimodzi.

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi, pamodzi ndi makolo komanso akulu a mpingo, tili mbali iti? Kuuza mwana kuti akalephera asabwerenso pakhomo n'kumuonetsa zimphona. Kungomuuza kuti akhoza, osamuthandiza, nakonso n'kumunamiza.

Tiyeni tikhale naye pansi, tiyankhe limodzi mapepala akale a MANEB, kuti aone yekha zimene akudziwa kale. Timulimbikitse kugona mokwanira, pakuti ubongo umasunga bwino zimene waphunzira munthu akagona. Akalemba pepala, tisamufunse zimene walakwitsa; tikambe za la mawa. Sabata likalowa, atseke mabuku, apumule, tipemphere naye pomutchula dzina.

Funso lokambirana: ndi wophunzira uti amene mumuyendere mayeso asanayambe, nanga mukamuuza chiyani?