Kodi Duku ndi Lamulo pa Misa?

Zikomo amayi athu a ku Dedza chifukwa cha kalata yanu. Mukuti amayi ena anakudzudzulani mutalandira Ukaristia opanda duku, ndiye mukufunsa ngati munalakwa.

Mayi, mtima ukhale m'malo. Mwambo wofunda kumutu m'tchalitchi unachokera m'kalata yoyamba ya Paulo Woyera kwa Akorinto, mutu 11. Buku la malamulo a Mpingo wa Katolika la 1917, pa lamulo 1262, linkalamuladi amayi kufunda kumutu m'tchalitchi, makamaka popita ku guwa. Koma m'chaka cha 1983 Papa John Paul Wachiwiri anakhazikitsa buku latsopano lolowa m'malo mwa lakalelo, ndipo lamulo lija mulibemo. Choncho simunachimwe ayi.

Komabe duku si chinthu chonyozeka. Kwathu kuno limasonyeza ulemu, ndipo amayi a m'mabungwe a mpingo amalimanga ngati mbali ya yunifomu yawo. Ngati muli m'bungwe lotero, tsatirani zomwe munagwirizana.

Kwa inu amayi odzudzula anzanu, chonde musabweze munthu pakhomo la tchalitchi chifukwa cha kansalu. Omanga duku amange, osamanga asaopsezedwe. Mayi, Lamulungu likubwerali pitani ku Misa momasuka.