PHUNZIRO LA ZAUMOYO: MANKHWALA A PAKHOMO AKAWOTCHA KHUNGU

Mphere, zipere kapena njerewere zikavuta pabanja, ena timathamangira zomwe zili pafupi: asidi wa m'batire, soda wopangira sopo, palafini, mankhwala a dipi osambitsira ng'ombe, utomoni wa nkhadze, ngakhale adyo wosinja womangirira pakhungu usiku wonse. Timachita izi pofuna kuthandiza, koma zinthuzi zimawotcha ngati moto. Ovulala kwambiri ndi ana, popeza khungu lawo n'lopyapyala. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Mankhwala amapitiriza kudya mnofu malinga ngati adakali pakhungu. Soda ndiye amalowa mozama, ndipo bala limatha kuoneka laling'ono pamwamba pomwe m'kati lawononga kwambiri. Choncho chithandizo choyamba ndi kuchotsa mankhwalawo msanga.

ZOYENERA KUCHITA

1. Valani jumbo m'manja kuti nanunso musapse. Vulani wovulalayo zovala, mikanda ndi mphete zomwe zakhudzidwa.
2. Ngati mankhwalawo ndi aufa, yambani mwawasasa ndi kansalu kouma.
3. Thirani madzi oyera pabalapo osalekeza kwa mphindi zosachepera 20. Madzi otsika pabala asayenderere pakhungu labwino. Mwana mum'funditse mbali zina za thupi kuti asazizidwe.
4. Akalowa m'diso, tsegulani chikope ndi kutsuka chimodzimodzi, diso lovulala lili m'munsi.
5. Phimbani bala ndi nsalu yoyera mosathina, n'kupita kuchipatala mutatenga botolo la mankhwalawo.

ZOSAYENERA KUCHITA

Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, phulusa kapena ndowe. Musathire mankhwala ena pofuna kupha mphamvu ya oyambawo. Musaboole matuza.

Bala lililonse la mankhwala lionedwe kuchipatala, koma musagone nalo likakhala kumaso, m'diso, m'manja, kumaliseche, kapena likaposa chikhatho cha wovulalayo. Mankhwala a dipi amalowanso m'magazi kudzera pakhungu: m'sambitseni ndi sopo, ndipo akayamba kuchucha dovu, kusanza kapena kubanika, nyamukani nthawi yomweyo. Chipatala cha boma cha Mzimba, cha Embangweni ndi cha Katete zilipo kaamba ka ife. Kwa adokotala nenani zoona zokhazokha za chomwe mudapaka, chifukwa kubisa kumachedwetsa chithandizo. Mphere ndi zipere zili ndi mankhwala ake kuchipatala, ndipo pa mphere banja lonse lilandire mankhwala pamodzi ndi kuchapa zofunda.

MAU A MULUNGU

Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limatiphunzitsa kulemekeza sing'anga, chifukwa nzeru zake n'zochokera kwa Mulungu. Wodwala apemphere, komanso alole kuti am'chize. Wina angati, "Nanga Msamariya uja suja adathira mafuta ndi vinyo pamabala?" (Luka 10:34). Inde, adagwiritsa ntchito chithandizo chodziwika cha nthawi yake pa mabala a kumenyedwa, ndipo sadalekere pomwepo. Adam'nyamula munthuyo, nakam'siya m'manja mwa womusamala, nalipira yekha. Lero chifundo chomwecho ndi ndowa ya madzi ndi njinga yopita kuchipatala.

MAFUNSO A KU MPHAKATI

1. Ndi mankhwala ati oopsa omwe timasunga poti ana angafikire?
2. Wina akapsa usiku m'mudzi mwathu, ndani angam'perekeze, ndipo ndalama yoyendera ichokera kuti?