Phunziro: Momwe thupi limadziziziritsira

Mu Okutobala ndi Novembala kuno kwa Mponda kumatentha kwabasi. Masiku ena kutentha kumaposa madigiri 35, mchenga wa m'mbali mwa Shire nkumawotcha mapazi. Komabe m'kati mwa munthu wathanzi kutentha kumakhala pafupifupi madigiri 37, kaya ndi m'chilimwe kaya ndi nthawi ya mwera. Zimatheka bwanji?

Mu ubongo muli kachigawo kakang'ono kamene kamayang'anira kutentha kwa magazi usana ndi usiku. Magazi akayamba kutentha, kamalamula timitsempha ta pakhungu kuti tifutukuke. Magazi ambiri amathamangira kukhungu kukataya kutenthako, n'chifukwa chake mtima umagunda mofulumira. Kenako thukuta limatuluka.

Thukuta limaziziritsa munthu pokhapokha likamauma. Taganizirani mtsuko wadothi. Madzi pang'ono amadutsa m'dothimo, ndipo akamauma kunja amachoka ndi kutentha, otsala m'katimo nkuzizira. Khungu lathu limachitanso chimodzimodzi. Koma mvula ikamayandikira, mpweya wa kunyanja kuno umadzaza chinyontho, thukuta nkumangoyenderera osauma. Masiku otero ndiwo oopsa kwa msodzi wopalasa bwato ndi mayi woyanika usipa pathandala.

Mlendo wochokera ku Dedza amavutika masiku oyamba. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, thupi lake limazolowera. Thukuta limayamba kutuluka msanga, limachuluka, ndipo mchere wotayika nalo umachepa. Apa m'pamene ambiri timalakwitsa. Timati, "Ife ndi a konkuno, dzuwa tinalizolowera." Chikhalirecho thupi lozolowera limataya madzi ambiri, choncho limafunanso madzi ambiri.

Musadikire ludzu. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi. Osala m'mwezi wa Ramadan amwe madzi okwanira pomasula ndiponso pa daku, chakudya cha m'bandakucha. Khanda losakwana miyezi 6 liziyamwa pafupipafupi, osalipatsa madzi. Agogo nawonso tiziwakumbutsa kumwa, poti ludzu samalimva msanga.

Munthu akachita chizungulire padzuwa, mukhazikeni pamthunzi, amwe madzi kapena Thanzi ORS. Akayamba kuyankhula zosokonekera kapena kukomoka, thupi lili moto, ndiye kuti kudziziziritsa kwalephereka. Muvuleni zovala zokhuthala, mumthire madzi thupi lonse, mumkupize, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Wokomoka musamumwetse kanthu.

Zokambirana: Kodi ndi ntchito ziti za kwanu kuno zimene zingagwiridwe m'mamawa kapena madzulo m'malo mwa masana?