Akufuna tikaone malo m'minda ya tiyi momwe mayi anga amathyola

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimagwira ntchito mu ofesi ina ku Lilongwe. Ndili pa chibwenzi ndi mnyamata wa ku Kasungu, tatha chaka ndi miyezi ingapo, ndipo za banja tayamba kukambirana. Mnzangayu ndi wokonda zoyendayenda, Loweruka lililonse ali paphiri ndi anzake. Tsopano wati pa tchuthi chikubwerachi tipite ku Thyolo tikayende m'minda ya tiyi, tikajambulitse, kenako tikakwere phiri la Mulanje. Vuto n'lakuti kwathu n'komweko. Mayi anga akhala akuthyola tiyi pa esiteti ina zaka zoposa 20, ndipo ndalama imeneyo ndi imene ndinaphunzirira. Iye ndinamuuza kuti kwathu ndi "cha ku Blantyre" komanso kuti mayi amachita geni. Ndinamizire kudwala? Chinanso chimene sindikumvetsa, munthu wanzeru zake n'kuwononga ndalama kuti akatope paphiri?

Wothedwa nzeru, Lilongwe

Mwana wanga,

Kalata yako ndawerengera pakhonde, kapu ili m'manja, ndipo ndaseka mpaka tiyi kunditayikira pachitenje. Kenako ndayang'ana m'kapumo n'kukhala duu, poti mwina masamba amenewa anathyola ndi mayi ako.

"Cha ku Blantyre." Ha! Boma la Thyolo analisamutsa liti, usiku ine ndili mtulo? Inetu ndimadziwa kuti ukachoka pa Limbe umadutsa pa Bvumbwe, pamene amayi amakulowetsera kabichi pawindo la minibasi usanafunse n'komwe mtengo, ndipo ukapitirira pang'ono dziko lonse limabiriwira ngati wina wayala nsalu. Kumeneko n'kwanu, mchombo wako uli komweko.

Za kudwalazo usayerekeze. Mwamuna wokonda phiri sagwa ulesi. Ukamuuza malungo mu Julaye, adzati tipite mu Seputembala. Udzadwala chaka chonse? Bodza lili ngati mimba, mwezi woyamba umamanga chitenje anthu osadziwa, wachisanu ndi chimodzi chitenje chimakana chokha. Komanso wanena wekha kuti za banja mwayamba kukambirana. Tandiuza, malume ake akamadzabwera kudzafunsira mbeta, adzakagogoda pakhomo la yani? Pa Ginnery Corner? Tsiku limenelo manyazi adzagwira amayi ako, amene adzazindikire pamaso pa alendo kuti mwana wawo anawabisa ngati chilonda. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndipo mako ameneyu mwendo wake si wochepa ayi: waima nawo pamame zaka zoposa 20, dengu lili kumsana, kuti iwe lero uzikhala pampando wozungulira.

Ndakukalipira zokwana. Sendera kuno, ukhale pamphasa.

Sindikuti manyazi akowo angochokera m'mutu mwako. Iye akaona minda ya tiyi akuona chithunzi choika pa Facebook. Iwe ukaona minda yomweyo ukuona mayi akulawira kusanache, mvula ya Januwale ikuwatsikira m'khosi, mzere wa pasikelo, kapitawo ali ndi buku m'manja, masamba ena akubwezedwa ati ngokhwima. Minda imeneyi ili ndi mbiri yolemera. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje cha m'ma 1890, kenako n'kufalikira ku Thyolo, ndipo nthawi ya atsamunda malo aakulu anapita m'manja mwa azungu, eni nthaka n'kumagwira thangata kuti akhale pamalo pamene anabadwira. Mpaka lero munthu wa ku Thyolo kamunda kake n'kongokwana kuyalapo mphasa ziwiri, pamene tiyi wayala mpaka kumene maso alekezera. Ndiye mtima wako ukamawawa poona anthu akujambulitsa m'menemo, suli wopenga. Kulakwa kwako n'kumodzi: mkwiyo umene unayenera kupita kwina wausandutsa manyazi n'kuwasenzetsa mayi ako, ngati dengu lija linali losakwana kulemera.

Tsono za kulipira ndalama kuti ukatope. Inenso ndinkaseka. Ife amene tinakula tikukwera phiri kukatola nkhuni, munthu akati akupita kukakwera phiri popanda nkhwangwa kapena chingwe, tinkadziwa kuti mutu wayamba kusokonekera. Koma malemu amuna anga, Mulungu awasunge, anandikakamiza tsiku lina m'mwezi wa Juni. Tinanyamuka nkhungu ili tolo, moti munthu wa patsogolo pako unkangomumva kutsokomola. Ine njira yonse ndikung'ung'udza, mapazi anyowa, chitenje chalemera ndi mame. Titafika pamtunda pa phiri la Thyolo, dzuwa linang'amba nkhungu ija, ndipo ndinaona Mulanje ataima yekha uko ngati nyumba ya mfumu, mbali inayi chigwa cha Shire chili phee pansi penipeni. Ndinasiya kulankhula. Amuna anga anati m'banja lathu lonse aka kanali koyamba. Zaka zonsezo ndinkayenda m'dera limenelo maso ali pansi, kuopa minga ndi njoka, mutu utasenza katundu. Munthu wosenza sayang'ana kumwamba. Iwe mayi ako anakutula katundu ameneyo, ndiye pita ukayang'ane.

Ndikuuzenso china choti useke. Kuli kambalame kena kosowa kamene azungu anakatcha Thyolo alethe, dzina la kwanu lenileni. Anthu amachoka kutsidya kwa nyanja ndi magalasi oonera patali, kukhala tsiku lonse m'kankhalango kamene katsala paphiripo, poti mbali yaikulu inatha ndi nkhwangwa, kungofuna kukaona kamodzi. Mbalame ikuuluka ndi dzina la Thyolo m'mabuku a dziko lonse, iwe ukulibisa m'chikwama.

Chochita ndi ichi. Umuuze musananyamuke, osati muli kale pa Bvumbwe pamene wina wakukuwira dzina lako la paubwana. Phika nsima, adye akhute, ndiye unene mosazungulira: kwathu ndi ku Thyolo, mayi anga amathyola tiyi, ndinachita manyazi ndipo ndinalakwa. Usalire kwambiri, usapepese ngati waba mbuzi. Ukatero khala chete, uyang'ane nkhope yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akakwiya chifukwa unamunamiza, ameneyo ndi munthu, mpatse masiku apse mtima. Koma ukaona kuti chamunyansa ndi ntchito ya mayi ako, mwana wanga, ulire usiku umodzi, m'mawa uthokoze Mulungu kuti wakuonetsa nyerere mkuyu usanaudye. Ngakhale sindikhulupirira kuti mwana wa ku Kasungu, kumene anthu amakulira m'zigafa za fodya, angadabwe ndi manja okhakhala. Mwina iyenso ali ndi "cha ku Lilongwe" yake.

Kwa mayi usangomutulukira naye ngati thumba la chimanga. Yamba wauza azakhali ako a kumudzi kapena achemwali, nkhani ifike kwa malume mwa dongosolo lake. Ndipo mayiwo uwaimbire wekha, uwauze kuti ukubwera ndi mlendo. Shuga, sopo, mafuta ophikira ndi chitenje chabwino zisasowe, ndipo agule ndi iyeyo. Za kogona, zipinda ziwiri. Usandiyang'ane choncho, ndakhalapo mtsikana inenso, ndipo ndikudziwa chimene kuzizira kwa ku Thyolo kumachita ndi nzeru za anthu.

M'mindamo musamangolowa ngati m'dambo la agogo anu. Ndi malo a eni, ali ndi alonda. Esiteti imene imadziwika ndi kulandira alendo ndi Satemwa, imene anaiyambitsa Maclean Kay mu 1923 m'munsi mwa phiri la Thyolo. Nyumba yakale ya banjalo, Huntingdon House, lero ndi malo ogona alendo, ndipo kumeneko mutha kuyenda m'minda, kukwera kumtunda ndi kulawa mitundu ya tiyi. Muimbiretu foni, mufunse mtengo, kuti musakayambe kukanda m'mutu pageti. Safunsa anadya phula.

Apa ndiye ndimvetsere. Mukakumana ndi anthu akuthyola, mupereke moni kaye, moni wathunthu, wofunsa ndi kunyumba komwe. Kamera ibwere pambuyo, ndipo mupemphe. Akakana, akana. Palibe chimene chimandipsetsa mtima ngati kamtsikana ka m'tauni kobwereka dengu la mayi wa eni, kuvala magalasi akuda, kujambulitsa kakumwetulira, n'kubweza dengulo osanena n'komwe zikomo, mwini wake wataya mphindi zimene amalipidwa pa kilo. Ngati mnyamata wakoyo akufunadi kudziwa tiyi, mayi ako amuphunzitse: masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri, osafinya. Mphindi khumi zokha msana udzamuuza zimene iwe wakhala ukulephera kumuuza chaka chonse.

Nyengo yabwino ndi yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Koma Juni ndi Julaye chiperoni chimabwera osagogoda, kamvula kowaza ndi mphepo yochokera ku Mozambique, ndiye juzi ndi jekete zikhale m'chikwama ngakhale kutacha bwino. Nsapato zako za mu ofesi zija, zazitali ngati msomali, zisiye ku Lilongwe. Nsapato zatsopanonso ayi, zidzakutupitsa matuza musanafike pena paliponse. Vala zakale zimene phazi linazolowera. Wigi nayonso ndikanakonda itsale, nthambi za m'phiri zilibe ulemu.

Ku Mulanje mudzadzera pa Luchenza. Poyamba musalimbane ndi Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 imene dzina lake lokha likukuchenjezani. Yambirani pa Likhubula, mukwere pang'onopang'ono mpaka pa Dziwe la Nkhalamba, mukhale pamwala, mudye nanazi. Madzi ake ndi ozizira zedi ndipo dziwelo n'lakuya, ngati sudziwa kusambira ingoviika mapazi. Mukafuna kupitirira mpaka ku tinyumba togona ta pamwamba monga ku Chambe kapena ku Lichenya, mutenge wolondolera njira wa konko, ndipo mumumvere. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiya womulondolera n'kupita yekha ku Sapitwa, nyengo inasintha, ndipo anakamupeza patapita masiku ambiri atamwalira. Akuluakulu a kumeneko amati phirili lili ndi eni ake osaoneka, ndipo mu 2025 a UNESCO analiika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse chifukwa cha miyambo yomweyo. Kaya mnyamata wako amakhulupirira za mizimu kaya ayi, nkhungu ya paphiripo siifunsa chikhulupiriro cha munthu. Nthawi ya dzinja musayese n'komwe, sitinaiwale zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, miyala ndi matope zikutsika m'mapiri. Wina akakutsatsani kabokosi ka mkungudza, kanunkhire bwanji, mudziwe kuti mtengo umenewo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo.

Tsono chinsinsi cha azakhali, usamuuze. Phiri limavula munthu. Ku Lilongwe mwamuna aliyense ndi wabwino kwa maola awiri, atadzola perefyumu, chipisi chili patebulo. Paphiri, thukuta likutsika, mpweya ukuperewera, m'pamene umaona amene udzakhale naye. Ukatsalira m'mbuyo, akudikira kapena akungothamangira kukajambula? Madzi akatsala pang'ono, ayamba kumwa ndani? Makamaka umvetsere mmene akulankhulira ndi wonyamula katundu uja, mnyamata wa pamudzi amene wasenza chikwama chanu atavala patapata. Akamamuitana ndi mluzu, akamakangana naye pa ndalama yochepa pamene dzulo anawononga yambiri pa mowa, dziwa kuti tsiku lina adzalankhula choncho ndi mayi ako. Akamufunsa dzina, n'kumugawira buledi, ameneyo mugwire dzanja potsika, ngakhale usakuterereka.

Ndipo ngati mayi ali ndi tsiku lopuma, muwatenge. Akakhale pampando, wina awabweretsere tiyi pathireyi, alawe okha chimene manja awo akhala akuthyola. Adzakana kaye, adzati zimenezo n'za azungu, adzadandaula za mtengo. Uwakakamize monga anandikakamizira amuna anga.

Ukabwerako undilembere mmene nkhope yake inaonekera. Unditengereko paketi ya tiyi ndi nanazi mmodzi wa ku Mulanje. Nthochi usavutike nazo, ndikudziwa zimene matenda a chisaka anachita kwanuko.

Ndine,
Azakhali ako