Silicon Si Chitsulo: Zomwe Ndinaphunzira Nditalakwa Mayeso

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, teremu yatha ndinataya malikisi pa funso lomwe ndinkaliyesa lophweka. Anatiuza kuti tigawe ma element m'magulu, ine silicon n'kuiika pa zitsulo, poti pa chithunzi cha m'buku imanyezimira. Aphunzitsi anadula ndi bolopeni yofiira, n'kundituma ndikawerenge za ma metalloid. Nazi zomwe ndapeza, kuti pa MSCE tisadzagwere m'mbuna yomweyi.

Pa periodic table, zitsulo zili kumanzere ndi pakati, zomwe si zitsulo zili kumanja. Magulu awiriwa amalekanitsidwa ndi mzere wooneka ngati masitepe, ndipo motsatira mzerewu muli ma metalloid 6 odziwika: boron, silicon, germanium, arsenic, antimony ndi tellurium. Pa ma element 20 oyambirira omwe timaloweza aja, ma metalloid ndi awiri okha basi. Boron ndi nambala 5, ili mu Gulu 3, ma electron ake ndi 2.3. Silicon ndi nambala 14, Gulu 4, ma electron ake 2.8.4.

Ndiye silicon ikusiyana pati ndi chitsulo? Waya wa kopa umapindika, ukaumenya ndi hamala umaphwatalala. Silicon ukaimenya imasweka ngati galasi. Kopa amadutsitsa magetsi mosavuta, sulfur sadutsitsa, pomwe silicon imadutsitsa pang'ono. Komanso chitsulo chikatentha, magetsi amadutsamo movutikira, koma silicon ikatentha ndi pamene amadutsamo bwino. N'chifukwa chake imatchedwa semiconductor.

Musaganize kuti izi ndi za m'buku mokha ayi. Kuno ku Mposa ambirife timatchaja foni ndi kuwerengera usiku podalira kasola ka padenga. Timagawo tabuluu kapena takuda tomwe mumationa pa sola paja ndi silicon. Ku fakitale, mbali imodzi amaithira boron pang'ono zedi, mbali inayo phosphorus. Dzuwa likawomba, ma electron amamasuka n'kuyamba kuyenda kulowera mbali imodzi, ndiye magetsi amene amadzaza batire aja. Kopa yekha sangachite zimenezi. M'kati mwa foni ndi wailesi namonso muli silicon. Chodabwitsa n'choti siisowa: mchenga womwe timaponda pobwera ku sukulu, mbali yaikulu ndi silicon yophatikizana ndi oxygen. Pa kulemera kwa miyala ndi dothi lokuta dziko lapansi, silicon ndi pafupifupi 28 peresenti, ndipo imaposedwa ndi oxygen yokha.

Nkhani ina yomwe yandisangalatsa ndi ya germanium. Dmitri Mendeleev wa ku Russia, yemwe anakonza periodic table mu 1869, anasiya mpata pansi pa silicon, n'kulosera kuti pali element yomwe sinapezeke, ya atomic mass pafupifupi 72. Mu 1886 Clemens Winkler wa ku Germany anaipezadi, ndipo atomic mass yake ndi 72.6. Ndiye kuti malo a element pa table paja amakuuza khalidwe lake usanaione n'komwe.

Tsono funso likadzabwera, musadzathamangire kunyezimira monga ndinachitira ine. Onani kaye pomwe element ili pa masitepe paja, kenako dzifunseni ngati imapindika kapena imasweka, ndi momwe imadutsitsira magetsi ikatentha. Amene akufuna tikambirane zambiri, tipezane pa study circle.