Kugula ndi Kusamalira Jekete ya Chikopa ya pa Kaunjika

Jekete ya wokwera njinga yamoto si yongotchenera ayi. Ntchito yake ndi kuteteza khungu munthu akagwa pamsewu. Choncho pogula pa kaunjika, yambani mwaona misoko ya m'mapewa ndi m'zigongono, kenako zipi. Chikopa chabwino cha ng'ombe chimachindikala mamilimita 1.2 kapena kuposerapo. Chong'aluka chisiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo bwanji, pakuti mafuta sangachibwezeretse.

Poyeretsa musaiviike m'madzi. Ipukuteni ndi kansalu konyowa ndi sopo wochepa. Ngati yachita nkhungu, gwiritsani ntchito viniga wosakaniza ndi madzi mofanana. Iumire pamthunzi, chifukwa dzuwa ndi moto zimalimbitsa chikopa mpaka gwa. Ikauma, pakani mafuta a chikopa pang'onopang'ono, koma yesani kaye kuseri kwa kolala, popeza mafuta ena amachidetsa.