Wodwala Maganizo Ndi M'bale Wathu: Musamumange, Mupititseni Kuchipatala

Amayi, abambo ndi agogo a ku Chikanda, Chinamwali, Sadzi ndi inu okhala kumtunda kuphiri: matenda a maganizo, amene ambiri timangoti misala, amatha kugwira munthu aliyense, wopemphera ndi wosapemphera yemwe. Thandizo lake lilipo kuchipatala.

Chikhulupiriro chooneka m'manja

M'zaka za m'ma 1650 ku England, George Fox anayambitsa gulu la Akhristu lotchedwa Quaker, kapena kuti Abwenzi. Iwo amawerenga Baibulo, koma amati Mulungu amalankhulanso mumtima, ndipo kuwala kwake kuli mwa munthu aliyense. Mu 1790 mayi wina wa gululi, Hannah Mills, anamwalira m'nyumba yosungira odwala misala ku York, Abwenzi anzake atakanizidwa kumuona. William Tuke, mmodzi wa Abwenziwo, anakhudzidwa kwambiri, ndipo mu 1796 anatsegula nyumba ya odwala misala yotchedwa The Retreat, kumene odwala sankamangidwa maunyolo. Ankadya bwino, kugwira ntchito zam'munda ndi kulankhulidwa mwaulemu, poti kuwala kuja sikuzima munthu akadwala.

Akhristu oyambirira nawonso, ambiri osadziwa kuwerenga, anadziwika ndi ntchito zawo. Mliri utabuka cha m'ma 250, Bishopu Cyprian wa ku Carthage anawalimbikitsa kusamalira odwala onse, ngakhale amene ankawazunza.

Kuno kwathu, mu 1910 odwala misala ankasungidwa kundende ya Zomba. Kuyambira 1953 tili ndi chipatala chawochawo, Zomba Mental Hospital. Tisawabwezere kundende powatsekera m'nyumba zathu.

Zizindikiro zofunika kusamala

- Kusagona masiku angapo, kapena kukana chakudya
- Kumva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuziona
- Kukayikira achibale kuti akufuna kumupha
- Chisoni chosatha, kudzipatula, kusiya kusamba
- Mayi amene wangobereka kumene kusasamala za mwana wake
- Kunena zoti akufuna kudzipha

Zoyenera kuchita

1. Mulankhuleni wodwalayo modekha, mumutchule dzina lake. Musamuzinge anthu ambiri.
2. Chotsani pafupi mipeni, zingwe ndi mankhwala ophera tizilombo.
3. Pitani naye kuchipatala chapafupi, monga cha Matawale, kapena kuchipatala chachikulu cha Zomba. Malungo aakulu nawonso amasokoneza mutu, choncho ngati thupi latentha musachedwe.
4. Akanena zodzipha, musamusiye yekha. Mupititseni kuchipatala tsiku lomwelo.
5. Onetsetsani kuti akumwa mankhwala tsiku lililonse ndipo akubwerera pa tsiku limene adokotala analemba.
6. Muthandizeni kupewa chamba ndi kachasu, chifukwa zimadzutsa matendawa.

Zoyenera kupewa

- Kumumanga ndi chingwe kapena unyolo, kumumenya, kumumana chakudya
- Kumusiyitsa mankhwala poti wapemphereredwa. Pemphero ndi mankhwala ziyendere limodzi.
- Kumuseka kapena kulola ana kumugenda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa inu osamalira wodwala

Mutu umodzi susenza denga. Gawanani ntchito ndi achibale, dziwitsani a mpingo kapena a kumzikiti, ndipo funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Ngati mawu akusowani, khalani naye pambali mwakachetechete, monga momwe Abwenzi amakhalira popembedza. Akabwerako kuchipatala, mumulandire pa mphasa yomweyo, adye nanu nsima m'mbale imodzi.